Za fungo la m'khwapa la mwana wanu: yambani mwanunkhiza yunifolomu yake

Mayi amene mwafunsa za mtsikana wanu wa zaka 11, wa Sitandade 6, kuti wayamba kumveka fungo la m'khwapa chikhalirecho amasamba m'mawa uliwonse, ndipo anzake ayamba kumuthawa pa desiki, pepani kwambiri. Zimapweteka kumva mwana wako akusekedwa. Mwafunsa za perefyumu wabwino, za zakudya, za ndimu, komanso ngati n'kofunika kupita naye kuchipatala. Za zakudyazo ayankha ena. Ine ndine telala kuno ku Salima, ndimasoka mayunifolomu pa Kamuzu Road, ndiye ndikakamira kwambiri pa nsalu, chifukwa ndaona kuti mayankho onse afika kalewa akungolimbana ndi thupi la mwana, zovala zake palibe wazitchula.

Lero madzulo chitani ichi. Tengani diresi lake la kusukulu limene mwachapa kale ndipo lauma, mulitembenuze, muwaze timadzi pa msoko wa m'khwapa, mudutsitsepo nsimbi yotentha, kenako mununkhize. Fungo lija likatuluka, dziwani kuti mwanayo akusamba bwinobwino koma akuvala fungo ladzulo ndi ladzana. Ine ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku. Mayi amabwera ndi diresi loti ndilikulitse, lochapidwa bwino, lopindidwa bwino, koma ndikangoika nsimbi pa msokowo ndimadziwa kuti mwini wake wayamba kukula.

Nsalu zambiri za mayunifolomu masiku ano ndi polyester, ija ena amangoti nayiloni. Timaikonda chifukwa ndi yotchipa, siichedwa kuuma, siisuluka msanga, ndipo siikwinyika. Vuto lake ndi loti mafuta a m'thukuta amakanirira pa ulusi wake, madzi ozizira ndi sopo wongopakapaka sawachotsa. Nsalu ya kotoni imayamwa thukuta, ukaichapa imalitulutsa. Polyester imalisunga, ndipo ikangofundidwa ndi thupi, fungo limadzuka nthawi yomweyo. N'chifukwa chake mwana amachoka pakhomo akununkhira sopo, pofika nthawi ya buleki zinthu zasintha. Muonjezerepo kutentha kwathu kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala, kalasi ya malata yodzaza thothotho, ndi mtunda umene amayenda wapansi.

Amene alemba kuti mwanayo sanasambitsidwe bwino ali wakhanda, kapena kuti ndi fungo la kumtundu losatha, chonde musamaonjezere nkhawa kwa mayi amene ali kale ndi nkhawa. M'khwapa ndi m'malo obisika muli tiziwalo tina totulutsa thukuta timene timakhala togona mwana ali wamng'ono, n'kudzadzuka akayamba kutha msinkhu. Thukuta lake limakhala ndi timafuta, silifanana ndi la pamphumi lomwe ndi madzi ndi mchere basi. Potuluka silinunkha. Limayamba kununkha mabakiteriya a pakhungu akalidya. Atsikana ambiri amayamba kusintha pakati pa zaka 8 ndi 13, anyamata pakati pa 9 ndi 14, ndiye wa zaka 11 ali pa nthawi yake. Tonsefe tinadutsamo.

Kachapidwe kake ndi aka. Akangofika kuchokera kusukulu avule yunifolomu, asasewere nayo, asakatunge nayo madzi, ndipo asaiponye m'dengu kapena pansi pa bedi ili yonyowa ndi thukuta. Muitembenuze, mupake sopo wochapira pa msoko wa m'khwapa mbali zonse, muinyike m'madzi ofunda kwa theka la ola. Kenako mufikise malo amenewo mwamphamvu, kolala ndi msana zibwere pambuyo. Ana akamachapa okha amalimbana ndi pamene paoneka dothi, m'khwapa amangodutsamo, ndiye masiku oyamba muime naye pomwepo aone mmene mukuchitira. Mutsukuluze mpaka madzi ayere. Mijigo ina ya kuno madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu, ndiye ngati wanu ndi wotero, sopo wa ufa amagwira bwino kuposa wamtanda. Ngati fungo linakhazikika kale, thirani theka la kapu ya viniga woyera mu beseni la madzi, munyikemo chovalacho musanachape. Viniga ndi wa chovala, osati wa khungu la mwana. Poyanika, yanikani chotembenuza padzuwa mpaka chiume gwa. Ndipo musasite chovala chovalidwa kale n'cholinga choti chionekenso bwino mawa, kutentha kwa nsimbi kumangolimata fungolo mu nsalu.

Tsono ndalama imene mukufuna kugulira perefyumuyo, ine ndikanati musoketse yunifolomu yachiwiri. Ndikudziwa kuti zinthu zavuta, ndipo mwina wina ati telala akudzitsatsa malonda. Pitani kwa telala aliyense amene muli naye pafupi. Mwana wa msinkhu uwu sangavale diresi limodzi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu osachapa, kuno kotentha kuno. Ngati yachiwiri siitheka panopa, ubwino wa polyester ndi womwewo woti ukachapa masana, madzulo yauma. Chinanso chotchipa ndi mavesiti a kotoni a timanja tatifupi, ovala mkati, oti thukuta lizithera pamenepo lisanafike pa yunifolomu. Pa kaunjika amapezeka, komaliza ndinawaona pa K1,500 mpaka K2,500 malinga ndi kunenerera kwanu, ngakhale mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi. Muziyang'ana kachikwangwani ka mkati, palembedwe cotton. Vesiti yoterereka, yonyezimira, isiyeni ngakhale ikongole bwanji. N'chimodzimodzi mapanti ndi makamisolo.

Muyang'anenso ngati diresilo silikumuthina m'khwapa. Makolo ambiri amaona kutalika kokha, akaona kuti likufika m'mawondo amati likadali bwino, pamene pachifuwa ndi m'mapewa mwana wakula. Msoko ukamakhula m'khwapa, mpweya sudutsa, thukuta limachuluka, khungu limanyuka. Kumasula mkono ndi kuikamo kachigamba ndi ntchito yaing'ono.

Za ndimu ndi soda, apa ndiye ndikukanizeni ndithu, ngakhale ndaona anthu angapo akulimbikitsa. Mwana wa mng'ono wanga amene ndimakhala naye anapita kumudzi pa holide ali ndi zaka 12. Kumeneko munthu wina wamkulu, mwa chikondi ndithu, anamumeta m'khwapa ndi lezala, n'kumuuza kuti azipakamo ndimu wosakaniza ndi soda wa thelere m'mawa uliwonse. Mwana anamva kuwawa koma anauzidwa kuti ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Pobwera kuno anali akuyenda manja ali tang'a, osatha kuwatsitsa. Nditamuvula ndinapeza khungu lasupuka, lofiira, m'mbali muli timatuza, bulauzi itamatirira pachilonda moti tinachita kunyowetsa ndi madzi kuti ichoke. Analira usiku wonse. Kuchipatala anatipatsa mankhwala opaka n'kutiuza kuti asapakenso china chilichonse mpaka papole. Zilonda zinapola, koma m'khwapa munada bii kwa miyezi yambiri, mwana n'kumakana kukweza mkono m'kalasi ngakhale yankho akulidziwa, netiboli imene ankaikonda anaisiya. Ndimu ndi asidi, soda naye amadya khungu, ndipo madzi a ndimu akakumana ndi dzuwa amatha kuwotcha n'kusiya zipsera zakuda. Kuti wina wamkulu anapaka osapsa sizitanthauza kuti khungu la mwana lipirira. Musayesere pa mwana wanu.

Lezala nalonso ayi pa msinkhu uwu. Ngati tsitsi layamba kumera ndipo lachuluka, lichepetseni ndi sizasi. Ndipo lezala lobwerekana, kaya ndi la mkulu wake kaya la mnzake wa ku hositelo, mumuletseretu panopa chifukwa cha matenda oyenda m'magazi.

Perefyumu sachotsa fungo. Akasakanikirana ndi thukuta la masana, chimatuluka ndi chinthu choipa kuposa poyamba, ndipo ana anzake adzamuseka kawiri. Makamaka timabotolo tija ta mafuta topanda dzina togulitsa m'manja, simudziwa kuti muli chiyani, ndipo timathimbiriritsa nsalu osachokanso. Chimene ndingavomereze ndi roll-on. Mwana wa zaka 11 atha kugwiritsa ntchito. Pa botolo muyang'ane mawu akuti antiperspirant, chifukwa imeneyo imachepetsa thukuta lenilenilo, pamene yolembedwa deodorant yokha imangolimbana ndi fungo. Shield kapena Nivea ya fungo losalimba ndi yokwanira. M'magolosale akuluakulu a pa Kamuzu Road ndinaiona kuyambira cha m'ma K5,000 kupita m'mwamba, ndipo mwana mmodzi imamukhalitsa. Zija zoyalidwa padzuwa pamsika, zotchipa modabwitsa, muziyamba mwaona deti lake. Apake pakhungu loyera ndi louma, osati pamwamba pa thukuta, osatinso pamwamba pa Vaseline kapena glycerine. Imagwira bwino akapaka usiku atasamba, pogona. Akapaka m'mawa adikire iume asanavale, apo ayi imasiya zoyera ndi zachikasu pa nsalu zimene zimativuta ngakhale ife. Ikayamba kumuyabwa asiye, muyese ina, ndipo pakhungu lotupa kapena lachilonda asapake.

Kusamba kukhale kawiri, m'mawa ndi madzulo, nyengo ino. Koma mufunse kuti akusamba bwanji. Ana ambiri amangodzithira madzi, kupaka sopo pamimba ndi m'manja, basi atuluka. M'khwapa mufunika thovu, kukhula pang'ono ndi chinkhupule kapena kansalu, kutsukuluza, ndi kupukuta mpaka muume. Sopo wosambira wamba ndi wokwanira, simufunika wodula. Chinkhupule ndi thawulo zikhale zakezake ndipo ziziyanikidwa panja, chifukwa thawulo lonyowa lopachikidwa kuseri kwa chitseko limabwezera fungo pathupi loyera. Kumalo obisika asambe kunja kokha, asalowetse sopo kapena mankhwala aliwonse mkati. Mapanti asinthe tsiku lililonse. Atsikana athu amachita manyazi kuyanika mapanti panja, amawabisa pansi pa matiresi ali achinyezi, ndipo fungo ndi kuyabwa zimayambira pamenepo. Mumuonetse kuyanika pachingwe n'kuphimba ndi chitenje chopepuka, dzuwa limafikabe. Poti msambo suli patali ngati sanayambe kale, mukonzeretu mapadi kapena nyanda zoyera, ndipo mumuuze zisanachitike. Amayi a Mother Group m'sukulu zambiri amathandiza pa zimenezi, ena amasoka mapadi ochapa.

Polankhula naye, mayi, sankhani nthawi muli awiri. Osati pa nsima, osati alongo ake akumva, osati pamaso pa alendo. Mawu oti "ukununkha" mwana amawasunga mpaka kukula. Mwana wa kwathu uja chimene chinamupangitsa kupirira ndimu mpaka kupsa chinali manyazi, anali atanenedwa kale pagulu ndiye anali wokonzeka kuchita chilichonse. Muuzeni kuti thupi lake layamba kukula, kuti inunso zinakuchitikirani, mumupatse roll-on ndi mavesiti ngati zinthu za munthu wamkulu. Ngati amamasuka kwambiri ndi azakhali ake kapena agogo ake, atumeni iwowo, koma muyambe mwagwirizana nawo zoti akanene, kuopa kuti angakamupatse malangizo a ndimu omwewo. Aphunzitsi ake muwaonenso pambali kuti aletse zomusekazo, chifukwa ana ena amayamba kujomba n'zinthu ngati zimenezi.

Simunanene kuti muli mbali iti, koma ngati ndi cha ku Senga Bay, Chipoka, Lifuwu kapena uko ku Nkhotakota kumene ana amasambira m'nyanja ndi m'madambo a mpunga, pali ichi. Kusambira sikulowa m'malo mwa kusamba ndi sopo, ndiponso madzi amenewa ali ndi likodzo. Mwana akamakodza magazi, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, si chizindikiro cha kukula monga ena amanenera. Kwa atsikana likodzo limathanso kubweretsa kuyabwa ndi zotuluka kumaliseche. Mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa m'zipatala za boma komanso nthawi zina m'sukulu, ndiye akamagawa musamuletse kumwa, angoyamba wadya kaye.

Pa funso la kuchipatala, fungo la m'khwapa lokha pa zaka 11 silifuna dokotala. Mupite naye ngati m'khwapa mukutuluka zithupsa zobwerezabwereza, ngati khungu lasupuka kapena likuyabwa osasiya, ngati kumaliseche kukutuluka zonunkha kapena zamtundu wachilendo, kapena ngati mwasintha zonsezi kwa mwezi wathunthu koma palibe chasintha. Kwa amayi ena amene mukuwerenga, mwana wamkazi wosafika zaka 8 kapena wamwamuna wosafika 9 akayamba fungo limodzi ndi tsitsi lakumalo obisika kapena mabere, ameneyo akaonedwe msanga. Pa chipatala chachikulu cha boma pano pa Salima kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, mufunse za chithandizo cha achinyamata, ndipo mumulole mwanayo afotokoze yekha inu muli pambali pake.