Yankho: kugona mu castle ku Durham

Achimwene mwafunsa ngati munthu wamba angagone mu castle yeniyeni (nyumba yakale yamalinga ya mafumu) akapita kukaona Durham ku England, eya zimatheka ndithu koma osati nthawi iliyonse ayi. Castle ija ndi ya Durham University tsopano, ana asukulu a University College amakhala momwemo, ndiye zipinda zimapatsidwa kwa alendo nthawi ya holide yokha, makamaka chilimwe, ana akapita kwawo. Bukanitu msanga chifukwa maukwati nawonso amachitikira momwemo.

Nyumbayi anayamba kumanga mu 1072 molamulidwa ndi mfumu ya England William the Conqueror, ndipo pamodzi ndi tchalitchi chachikulu cha pafupi pomwepo zinalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 1986. Zonse zili pamwamba pa chitunda chomwe mtsinje wa Wear wachizungulira pafupifupi mbali zonse, kukongola kwake nkosasimbika mukaima pa mlatho wa Prebends Bridge madzulo.

Koma musayembekeze za hotela yapamwamba, zipinda zina ndi za ana asukulu basi, bafa mwina mogawana, ndipo masitepe ndi ambiri zedi, ngati mukupita ndi amayi omwe maondo amavuta funsani kaye chipinda chapansi. Sutikesi yaikulu isiyeni kunyumba, misewu ya kumeneko ndi yamiyala komanso yokwera. Chomwe ine ndinachikonda ndi kadzutsa mu Great Hall, kumwa tiyi mu holo yazaka mazanamazana ija umangodzimva ngati mfumu.

Sitima kuchokera London King's Cross imatenga maola pafupifupi 3, kuchokera Newcastle ndi pafupi kwambiri. Tenganiko juzi, usiku kumazizira ngakhale mu July.