Kodi magemu a Azungu akubera luso la anime?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa chifukwa chimene gemu ya Furi imaonekera ngati ya ku Japan pomwe inapangidwa ku France, ndiponso ngati kutero si kubera luso la eni ake. Zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli. Ine sindikuona kuba kulikonse, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Furi inatuluka mu 2016 kuchokera ku kampani ya The Game Bakers ya ku Montpellier, koma amene anajambula anthu a m'gemumo ndi Takashi Okazaki, Mjapani yemwe anayambitsa nthano ya zithunzi ya Afro Samurai. Choncho dzanja la mwini lusolo lilimo ndithu. Komanso Afalansa sanayambe dzulo kukonda anime, omwe ndi makatuni a ku Japan, pakuti mu 1978 wailesi ya kanema ya Antenne 2 inayamba kuonetsa anime ya Goldorak, ndipo kuyambira 1987 mpaka 1997 pulogalamu ya ana ya Club Dorothée pa TF1 inkaonetsa makatuni ngati Dragon Ball. Ana amene ankakhala pamaso pa kanema masiku amenewo ndi omwe anadzakula n'kuyamba kupanga magemu, monga a kampani ya Ankama ku Roubaix amene anatulutsa gemu ya Dofus mu 2004. Munthu sabera chinthu chimene anayamwira.

Chimene ndikufuna muonetsetse, komabe, si maso akuluakulu kapena tsitsi losongoka, koma kayendedwe ka zithunzi. Osamu Tezuka, wojambula makatuni wa ku Japan, atayamba kupanga anime ya Astro Boy mu 1963, ndalama ndi nthawi zinali zochepa, moti m'malo mojambula zithunzi zambiri pa sekondi iliyonse ankagwiritsa ntchito pafupifupi 8 zokha, mwinanso kusiya chithunzi chimodzi chili chiimire. Kuperewera kumeneku kunabala kajambulidwe kakekake ka nkhondo: munthu amaima nji atakweza lupanga, kenaka n'kukantha mwadzidzidzi. M'gemu zimenezi n'zothandiza kwambiri, chifukwa wosewera amawerenga kaimidwe ka mdani n'kudziwa nthawi yotchinga kapena yozinda. Mu Furi, chida cha mdani chimang'anima kaye asanakanthe, ndipo gemu yonse ndi ndewu za mmodzi ndi mmodzi zotsatizana, mdani aliyense akusintha kamenyedwe pamene ndewu ikukula. Apa ndi pamene ndimati opangawo anamvetsadi chimene ankatengera.

Kumene nkhawa yanu ndikugwirizana nayo ndi pa magemu amene amatenga maonekedwe okha. Ku America, kampani ya Monolith inatulutsa Shogo: Mobile Armor Division mu 1998, yokhala ndi maloboti akuluakulu oyendetsedwa ndi anthu, ndipo kampani ya Bungie inatsatira ndi Oni mu 2001, imene opanga ake sanabise kuti inatengera filimu ya anime ya Ghost in the Shell ya mu 1995. Oni ndimailemekeza chifukwa cha nkhonya ndi mateche a Konoko (mkazi yemwe wosewera amamuyendetsa), amene amasakanikirana bwino ndi kuwombera mfuti, koma nyumba zimene amadutsamo n'zazikulu ndi zopanda kanthu, pomwe mzinda wa mufilimu muja unali wothithikana, wodzaza zikwangwani, ngalande ndi anthu. Anatenga mkazi wolimba mtima wa mufilimuyo, mzinda wake n'kuusiya.

Ponena za umwini, kumbukirani kuti Tezuka yemweyo ankakonda kwambiri makatuni a Walt Disney, ndipo masiku ano Azungu amapita okha kwa eni luso: kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland inagwira ntchito ndi Studio Trigger ya ku Tokyo popanga anime ya Cyberpunk: Edgerunners imene inatuluka mu 2022.