Windows ndi Ubuntu pa laputopu imodzi: yankho kwa mayi amene anafunsa

Mayi wina wanditumizira imelo. Ali ndi laputopu ya Windows 11, disiki yake ndi ya 512 GB, ndipo akufuna kuphunzira Linux, koma Windows sangaisiye chifukwa ntchito yawo imadalira Excel. Funso lawo n'lakuti: kodi zonse ziwiri zingakhale pamodzi mafayilo osatayika?

Zimatheka ndithu, Mayi. Kuika Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux, kwenikweniko n'kophweka. Amene amalira ndi omwe amadumpha zokonzekera za mu Windows. Mwayi wanu ndi wakuti Windows ilimo kale, chifukwa ndi imene iyenera kuyamba kulowa. Ikabwera pambuyo imadziika patsogolo ngati kuti mnzake kulibe.

Koperani kaye mafayilo onse ofunika pa disiki ina yakunja. Mukatero, onani ngati BitLocker, chida cha Windows chokhomera disiki, ndi yoyatsa. Apa ndichedwepo pang'ono. Malaputopu ambiri a Windows 11 amabwera disiki itakhomedwa kale, mwiniwake osadziwa. Mukangosintha zinthu mu UEFI, pulogalamu ya m'kati mwa laputopu imene imayamba Windows isanatseguke, Windows itha kukana kutseguka mpaka mutalemba kiyi ya manambala 48. Nthawi zambiri kiyiyo imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Ipezeni lero, muilembe papepala, osati m'fayilo ya pa laputopu yomweyo. Popanda kiyiyo ngakhale katswiri sangakutulutsireni kanthu. Ine ndimalangiza kuzimitsiratu BitLocker, n'kudikira kuti imalize kumasula disiki yonse musanapitirire.

Zimitsaninso Fast Startup, yomwe ili mu Control Panel, ku Power Options. Ikakhala yoyatsa, Windows sizima kwenikweni, imangogona itagwirabe disiki, ndiye Ubuntu amalephera kulembapo mafayilo.

Tsopano malo. Tsegulani Disk Management, dinani kumanja pa C:, sankhani Shrink Volume. Ubuntu amati 25 GB ikwana, koma kumeneko n'kudzipanikiza. Pa disiki ngati yanuyo ndingapatule 100 GB. Malowo asiyeni opanda kanthu, musawachite format.

Tengani Ubuntu 24.04 LTS, amene anatuluka mu 2024 ndipo amalandira zokonza kwa zaka 5. Muikeni pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus, ndipo mmenemo musankhe GPT ndi UEFI kuti zigwirizane ndi mmene Windows 11 inaikidwira. Za pa fulashipo zifufutika zonse. Poyatsa laputopu dinani F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, F9 ngati ndi HP, kuti musankhe kuyambira pa fulashi. Secure Boot, chitetezo cha mu UEFI, isiyeni, Ubuntu amagwira nayo bwinobwino.

Musathamangire kuika. Yambani mwamuyesa ali pa fulashi pomwepo, muone ngati Wi-Fi, mawu ndi kamera zikugwira. Zikakhala bwino, sankhani "Install Ubuntu alongside Windows Boot Manager". Pafupi pomwepo pali "Erase disk", ndipo ameneyo amasesa zonse, Excel wanu ndi zithunzi zomwe. Werengani kawiri musanadine.

Zikatha, poyatsa muziona mndandanda wa GRUB wokufunsani komwe mukufuna kulowa. Chimene chidzakudabwitseni ndi wotchi: mukachoka ku Ubuntu kupita ku Windows, nthawi imapezeka itasokonekera ndi maola angapo, chifukwa Linux amawerengera wotchi ya m'kati mwa kompyuta pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, pomwe Windows amaiona ngati nthawi ya komwe muli. Mu Terminal ya Ubuntu, momwe mumalemba malamulo, lembani timedatectl set-local-rtc 1, vutolo litha.

Ndinenenso ichi, Mayi: ngati cholinga n'kungophunzira malamulo a mu Terminal, WSL kapena VirtualBox, zomwe zimayendetsa Linux m'kati mwa Windows momwemo, zikukwanirani osakhudza disiki n'komwe. Koma ngati mukufuna kumva mmene Linux amayendera pa makina enieni, gawani disikiyo.

Tsiku lina Windows ikadzadzikonza n'kuyamba kutseguka yokha GRUB osaoneka, musadandaule kuti Ubuntu wafufutika. Lowani mu UEFI, pa Boot Order, mubwezere Ubuntu pamwamba.