Mpira ukumuthawa kuphazi: zoti achite ndi mnzake mmodzi

Mayi wina walemba kuti mwana wake wamkazi wa zaka 13, yemwe ali Fomu 1, wasiyidwa mu timu ya pasukulu chifukwa mpira umamuthawa akamathamanga nawo. Kunyumba kuli mpira umodzi ndi mnzake mmodzi woyandikana naye. Akufunsa ngati zimenezi n'zokwanira, komanso ngati sukulu siisokonekera.

Mayi, n'zokwanira ndithu. Pa masewero a anthu 22, mwana amatha nthawi yambiri akuthamanga osaukhudza n'komwe mpira. Akakhala awiri, mpirawo uli pa phazi lake theka la nthawi yonse.

Ayambe chonchi. Mnzake azipita patsogolo opanda mpira, akukhota mwadzidzidzi, kuima, kuthamanganso. Mwana wanu azimulondola ndi mpira, osatalikira kuposa mapazi atatu. Pakatha mphindi imodzi asinthane. Apa ndi pomwe vuto lake lionekere: ana ambiri amaumenya ndi chala chachikulu, mpira n'kutsogola, iwo n'kumauthamangitsa. Aziukankha pang'onopang'ono ndi mkati ndi kunja kwa phazi, pafupifupi pa sitepe iliyonse. Phazi lofooka lipatsidwenso nthawi yake, ngakhale adzanyinyirika.

Kenako mnzakeyo aime chapatali n'kumakweza zala, wampirayo azitchula nambala akuyenda. Akalephera ndiye kuti maso ali pansi, ndipo wosewera woyang'ana pansi saona woti amupatsire.

Chomwe ine ndimachikonda n'cholandana. Aike masilipasi anayi m'makona, malo a mapazi asanu mbali iliyonse. Mmodzi ateteze mpira kwa masekondi 30, thupi lake lili pakati pa mpira ndi wolandayo, mawondo atapinda pang'ono, mpira uli ku phazi lakutali. Za kudyetsana njomba zibwere pambuyo. Mwana wosadziwa kusunga mpira njomba zake zimathera m'miyendo ya mdani. M'makona muja musaikemo njerwa, zimavulaza. Mpira weniweni ukaphwa, wachikulunga nawonso umaphunzitsa, chifukwa sugubuduka molunjika.

Zonsezi ndi mphindi 25, katatu pa sabata, akamaliza homuweki. Chaka chamawa ali ndi mayeso a JCE, choncho mugwirizane pano kuti magiredi akatsika, masiku a mpira achepa.

Ena akuuzani kuti mpira si wa atsikana. Akumbutseni kuti ma Scorchers, timu ya dziko la Malawi ya amayi, anatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Koma ofika pamenepo ndi ochepa kwambiri, ndipo bondo likavulala satifiketi ya MSCE ndi imene imamutsegulira njira ya uphunzitsi wa zamasewero kapena kozi ina.

Pakatha teremu imodzi, mwanayo apite yekha kwa aphunzitsi a timu akapemphe kuti amuonenso.