Kodi timibulu tamaginito tosaoneka ndi maso amatiumba bwanji?

Funso: Aphunzitsi athu anatiuza kuti akatswiri amapanga timibulu ta iron oxide totchedwa nanoparticles, ndipo amasankha okha kukula ndi kaumbidwe kake. Zimatheka bwanji pa chinthu chimene munthu sangachitsine n'zala? Wophunzira wa Fomu 4, Zomba.

Yankho: Mwafunsa bwino. Timibuluti amatiyeza m'mananomita, ndipo mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Timibulu ta magnetite, womwe ndi mtundu wa iron oxide, tosapitirira mananomita pafupifupi 20 timakokeka maginito akayandikira, koma akachotsedwa timasiya kukokana, n'chifukwa chake madokotala amatha kutilowetsa m'magazi, monga pojambula m'thupi ndi makina a MRI.

Njira imene wasayansi René Massart anafalitsa mu 1981 ndi yosavuta: amasakaniza m'madzi mitundu iwiri ya mchere wa ayironi, n'kuthiramo amoniya, ndipo madziwo amada bii nthawi yomweyo. Vuto lake n'lakuti timibulu tina timabadwa pamene tinzake takula kale, ngati chimanga chopakiza chimene sichimapezana msinkhu ndi chobzalidwa ndi mvula yoyamba.

Chinsinsi chagona pa kulekanitsa kubadwa ndi kukula, mfundo imene wasayansi Victor LaMer anafotokoza mu 1950: timbewu tonse tiyambike pa kanthawi kamodzi, kenako tizikula limodzi popanda tatsopano. Mu 2004 gulu la Taeghwan Hyeon, wa ku Seoul National University ku South Korea, linachita zimenezi potenthetsa iron oleate (mchere wa ayironi ndi oleic acid, asidi wopezeka m'mafuta a zomera) pang'onopang'ono m'mafuta osawira msanga, ndipo linapeza magalamu 40 a timibulu tofanana pa ulendo umodzi. Chimene chimandigometsa ine n'chakuti mtundu wa mafutawo ndiwo unakhala muyeso, pakuti owira pa madigiri 274 anapereka timibulu ta mananomita 5, pamene owira pa madigiri 365 anapereka ta mananomita 22.

Kaumbidwe kamadalira mankhwala okuta timibuluto. Mankhwala akamatira kwambiri pa mbali zina za kristalo ya kam'buluko, mbalizo zimachedwa kukula ndipo ndizo zimatsala poyera, motero akatswiri akawonjezera sodium oleate (mchere wa oleic acid) m'malo mokutira ndi oleic acid yokha, amapeza timabokosi ta mbali 6 m'malo mwa timipira. Komabe timibulu tophikidwa m'mafuta sitigwirizana ndi madzi, choncho amayenera kutikutanso ndi mankhwala ena tisanafike kuchipatala, ndipo ntchito imeneyi imakweza mtengo.