SAT ilibenso chimangirizo, koma galamala ilimo

Mayi wina wa ku Zomba watilembera motere: "Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo akufuna kukaphunzira ku yunivesite ya ku America. Amuuza kuti alembe mayeso a SAT. Usiku uliwonse amakhala akulemba zimangirizo za Chingerezi, koma galamala akuti sakuiopa chifukwa Chingerezi anapeza 2. Kodi akukonzekera moyenera?"

Mayi, khama la mtsikanayu ndi labwino, koma akulima munda umene sadzakolola. Bungwe la College Board, lomwe limakonza SAT, linachotsa chimangirizo mu 2021, ndipo wolembera mayesowa kuno sadzachipeza. Kuyambira mu 2023 ophunzira a kunja kwa America amalemba SAT pa kompyuta, kudzera pa pulogalamu ya Bluebook. Mayeso onse amatenga maola 2 ndi mphindi 14. Gawo la Chingerezi, lotchedwa Reading and Writing, lili ndi mafunso 54 oyankha m'mphindi 64, ndipo malikisi ake amayambira 200 kulekeza 800. Mafunso onsewo ndi osankha yankho limodzi mwa anayi, pansi pa kandime kakafupi.

Pafupifupi funso limodzi mwa anayi alionse limakhala la galamala ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Apa ndi pamene ndikufuna mumulankhule mwana wanu, chifukwa 2 wa pa MSCE angamupusitse. Mafunsowa safuna kuti ulongosole kuti mneni n'chiyani. Amakupatsa chiganizo chokhala ndi mpata, ndipo mayankho anayi onse amamveka bwino ukawawerenga mothamanga. Wodalira khutu lokha amagwa.

Msampha woyamba ndi wa mpatuliro. Ife timati, "Mvula inagwa, msewu unawonongeka," ndipo m'Chichewa palibe cholakwika. Ana athu ambiri amapita nacho chizolowezichi ku Chingerezi n'kulemba kuti, "The rain fell, the road was damaged." Pa SAT chiganizo chimenechi n'cholakwika, chifukwa nthambi ziwiri zoima pazokha sizilumikizidwa ndi mpatuliro wokha. Pamafunika mpumiro, kapena semicolon (;), kapena mpatuliro wotsatiridwa ndi mawu ngati and, but kapena so. Mawu oti however salowa m'gulu limenelo, ngakhale ana ambiri amawaona ngati mapasa a but. Lamulo limodzi lokhali limabweranso kangapo m'mayeso amodzi, litangovala zovala zina.

Msampha wachiwiri ndi umene umandisangalatsa, chifukwa mwana wa Chichewa anabadwa ndi chida chouthetsera. Palibe Mchewa amene anganene kuti "Dengu la mango agwa." Tonse timati "lagwa," podziwa kuti chagwa ndi dengu, mango angokhalamo. Olemba SAT amachita zomwezo: amaika mawu ambirimbiri pakati pa mwininkhani ndi mneni kuti uiwale amene akuchita ntchitoyo. "The basket of ripe mangoes from the two gardens" amatsatiridwa ndi has, osati have. Mwana wanu azifunsa funso la kwathu lija, chagwa n'chiyani? Akapeza mwininkhani, yankho limadzionekera lokha.

Zina ndi nthawi za aneni, kusiyanitsa its ndi it's, ndiponso mawu ofotokoza amene aikidwa pafupi ndi dzina lolakwika. Malamulo ake ndi owerengeka, n'chifukwa chake ndimati malikisi a galamala ndiwo osavuta kuwonjezera m'masabata ochepa. Kuzolowera kuwerenga ndime za sayansi ndi ndakatulo zakale kumatenga miyezi.

Adziwenso mmene gawo la Chingerezi lija laikidwira. Lili ndi zigawo ziwiri, chilichonse mafunso 27 m'mphindi 32, ndiye kuti funso limodzi lili ndi mphindi imodzi ndi timasekondi tochepa. Mmene wakhozera chigawo choyamba ndi zimene zimachititsa kuti chachiwiri chikhale chovuta kapena chosavuta, ndipo malikisi apamwamba amapezeka ku chovutacho. Mafunso a galamala amabwera chakumapeto, pambuyo pa mafunso owerenga, choncho wochedwa pa ndime zoyambirira amafika pa malikisi osavutawa nthawi itatha. M'kati mwa chigawo amaloledwa kudumpha funso n'kudzabwererako. Asasiye funso losayankha, chifukwa salanda malikisi ukalakwa. Mayeso oyeserera ali mu Bluebook momwemo mwaulere, ndipo tsamba la pa intaneti la Khan Academy lili ndi maphunziro a SAT aulere. Akalakwa funso, azilemba m'kope lamulo lomwe lamugwetsa, osati yankho lokha.

Nanga zimangirizo zijazi zapita pachabe? Ayi. Akasankha mayeso ena otchedwa ACT, kumeneko chimangirizo chilipo kwa wofuna, cha mphindi 40, ndipo amakupatsa maganizo atatu pa nkhani imodzi kuti uikepo ako. Koma chimangirizo chimene chidzamuyimire kwenikweni ndi chotumiza pamodzi ndi fomu yofunsira malo. Pa fomu ya pa intaneti yotchedwa Common App, yomwe mayunivesite ambiri a ku America amagwiritsa ntchito, chimakhala cha mawu 250 mpaka 650, ndipo amalemba ali kunyumba, popanda wotchi.

Chimangirizochi sichifanana ndi cha m'kalasi, chomwe ana amachikongoletsa ndi mawu akuluakulu oloweza pamtima. Owerenga ake akufuna kumva munthu. Ngati mwana wanu ankakuthandizani kuwerengera ndalama za geni madzulo, kapena ankaphunzitsa mng'ono wake masamu pa nyali magetsi atathima, alembe tsiku limodzi lenileni, zimene anaona, zimene anaganiza, ndi mmene zinasinthira kaonedwe kake ka zinthu. Asadzikakamize kulemba za umphawi pofuna kumveredwa chisoni ngati si nkhani yake. Ndipo ndikupempheni, mayi, musalipire munthu kuti amulembere, komanso asakopere zolembedwa ndi makina a pa intaneti. Mphunzitsi angawerenge n'kumuonetsa pamene sipakumveka, koma mawu akhale a mwini wake.

Musanalipire ndalama ya mayeso, khalani naye pansi mulembe mayunivesite omwe akuwafuna, muone zimene iliyonse ikunena pa tsamba lake. Yunivesite ya MIT inabwezeretsa lamulo lofuna SAT kapena ACT mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale ndi Harvard zinalengeza mu 2024 kuti zikufunanso zotsatira za mayeso. University of California siyang'ana n'komwe malikisi a mayeso awiriwa posankha ophunzira, pamene ena ambiri amasiyira wophunzira kusankha kutumiza kapena ayi. Alangizi a EducationUSA ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe amathandiza pa zimenezi popanda kulipiritsa. Sabata ino alembe mayeso oyeserera amodzi athunthu, wotchi ili pambali, kenako muwerengere limodzi kuti mwa mafunso amene walakwa, a galamala ndi angati.