Kompyuta ikuzima pakati pa ntchito chichitireni overclock: kodi purosesa yapsa?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa pa boma la Kasungu yemwe amajambula ndi kukonza mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati. Ali ndi purosesa ya Intel Core i5-9600K pa motherboard ya Z390, ndi RAM ya DDR4 yomwe anaiyatsira XMP (njira yokwezera liwiro la RAM) kuti izithamanga pa 3200. Mu June anaonera kanema pa YouTube n'kukweza liwiro la purosesayo kufika pa 5.0 GHz, kupitirira liwiro la ku fakitale (kumeneku ndiye kuchita overclock), ndipo zonse zinkayenda bwino. Chiyambire October, akati atulutse vidiyo yomwe wamaliza kukonza, pamabwera sikirini ya buluu yolembedwa WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR. Nthawi zina kompyuta imangouma, nthawi zina imazima n'kudziyatsanso yokha. Akufunsa kuti: "Kodi purosesa yanga yapsa? Ndikwere basi ndikagule ina ku Lilongwe?"

Achimwene, ndalama ya basiyo isungeni kaye. Purosesa yopsa siikupatsani mpata wolowa mu Windows, kutsegula pulogalamu n'kukonza vidiyo ya maola awiri. Yanuyo ili moyo, kungoti mukuipempha ntchito yomwe siingathe pa nyengo ino.

Choyamba chitani ichi musanakhudze china chilichonse. Lowani mu BIOS (sikirini yosinthira zinthu za motherboard yomwe mumalowamo kompyuta ikamayaka), jambulani ndi foni manambala onse omwe munasintha, kenako sankhani Load Optimized Defaults. Izi zibweza purosesa momwe inachokera ku fakitale, ndipo zizimitsanso XMP. Kompyuta ikakana kuyaka mpaka osafika pa BIOS, izuleni kumagetsi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard kwa mphindi zingapo, kabwezereni. Mukatero tulutsani vidiyo yomwe ija yakhala ikukugwetsani. Ikatuluka bwinobwino kangapo, mwadziwa kuti wolakwa ndi overclock. Kompyuta ikagwabe, siyani za overclock, vuto lili kwina, ndipo ndifikako m'munsimu. Anthu ambiri amadumpha pamenepa chifukwa amaumira 5.0 yawo ija, n'kutha sabata akungosintha manambala mwachisawawa.

Tsopano, n'chifukwa chiyani June anali bwino koma October wavuta? Liwiro la purosesa limachokera pa kuchulukitsa 100 MHz ndi nambala yotchedwa multiplier. Inu munaika 50. Purosesa imeneyi, yomwe inatuluka mu 2018, ili ndi ma core 6 (zigawo zogwira ntchito mkati mwa purosesa), liwiro lake loyambira ndi 3.7 GHz ndipo yokha imakwera mpaka 4.6 GHz pa ntchito yopepuka. Kuti ma core onsewo athamange pa 5.0 pamafunika voteji yokwerapo, ndipo voteji ikakwera kutentha kumakwera kwambiri. Chomwe mavidiyo ambiri a pa YouTube sanena n'chakuti purosesa ikatentha imafuna voteji yochulukirapo kuti ikhazikike pa liwiro lomwelo. Munaiyesa nthawi ya chisanu, mutavala juzi. Lero ndi chilimwe, masana ku Kasungu kumapitirira madigiri 30, ndipo ngati situdiyo yanu ndi ya malata opanda siling'i, mkatimo ndi ng'anjo. Onjezanipo fumbi la miyezi inayi lomwe mafani akhala akukoka. Voteji yomwe inkakwana mu June yaperewera.

Palinso nkhani ya mtundu wa ntchito yanu. Mapulogalamu opanikiza vidiyo amagwiritsa ntchito malamulo a purosesa otchedwa AVX, omwe amakoka magetsi ambiri kuposa masewera kapena intaneti. Wakabaza amathamanga bwino ali yekha, koma mphamvu zake mumazidziwa mukamukwezera matumba awiri a chimanga pachitunda. N'chifukwa chake kompyuta yanu siigwa mukamaonera Facebook, imadikira nthawi yotulutsa vidiyo, mwini ukwati ali pakhomo.

Ndiye tsegulani bokosilo, litulutseni panja, muphulize fumbi pa heatsink (chitsulo choziziritsa purosesa) ndi mafani. Gwirani fani ndi chala pophuliza kuti isazungulire mopenga. Ngati thermal paste (phala lomwe limaikidwa pakati pa purosesa ndi heatsink) ili ndi zaka, pukutani yakaleyo muike yatsopano, kadontho ngati nsawawa yaing'ono pakati. Ikani pulogalamu ya HWiNFO, ndi yaulere, muziyang'ana kutentha kwa core iliyonse pamene vidiyo ikutuluka. Mapurosesa a Intel awa amayamba kudzichepetsa liwiro okha akafika pa madigiri 100. Ine sindikonda kuona zopitirira 85 pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ngati mukuona 95 kupita m'tsogolo, musaganize n'komwe zowonjezera voteji.

Kutentha kukakhala bwino, yambaninso overclock, koma muzisintha chinthu chimodzi basi pa nthawi, ndipo muzilemba m'kope. XMP ikhale yozimitsa kaye. Ikani multiplier pa 47, yesani ndi pulogalamu yopanikiza purosesa ya OCCT kapena Prime95 kwa ola limodzi, masana dzuwa lili paliwombo, osati usiku kukuzizira. Ikapirira, pitani pa 48. Ikagwa ndi WHEA ija kapena CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT, kawirikawiri ndiye kuti Vcore, voteji ya purosesa, yachepa. Onjezani pang'ono, monga 0.01 V, muyesenso. Pa mapurosesa a m'badwo umenewu anthu ambiri odziwa amaima cha pa 1.35 V pa ntchito ya masiku onse, ndipo ine sindingakulimbikitseni kupitirira pamenepo. Musaisiye pa Auto, chifukwa motherboard zina zimathira voteji yambiri mosafunikira zikaona multiplier yakwera.

Mu HWiNFO muonenso ngati Vcore ikutsika kwambiri ntchito ikangoyamba. Kutsika kumeneku kumatchedwa Vdroop, ndipo mu BIOS muli Load-Line Calibration yochepetsera. Iikeni pakatikati, osati pamapeto. Ndipo poti inu ndi wa mavidiyo, funani AVX offset muike 2. Zikatero, purosesa ikakumana ndi ntchito ya AVX imadzitsitsa ndi 200 MHz, ikamaliza imabwerera.

Purosesa ikakhazikika m'pamene muyatse XMP. Ambiri sadziwa kuti imeneyinso ndi overclock, chifukwa Intel analonjeza DDR4-2666 yokha pa purosesa yanuyo. Ikani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa fulashi, muisiye iyende usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi ndi chokwanira, tsitsani RAM ifike pa 3000 kapena 2933. Sikirini ya buluu yolembedwa MEMORY_MANAGEMENT imalozanso komweko.

Kuzima kopanda sikirini ya buluu kuja kukundikayikitsa mwapadera. Nthawi zambiri zimenezo ndi za magetsi. Purosesa imeneyi inalembedwa 95 W, koma ikachitidwa overclock imakoka zoposa pamenepo, ndipo power supply (bokosi lopereka magetsi mkati mwa kompyuta) yotchipa, yopepuka m'manja, yolembedwa 500 W pa pepala chabe, imagonja. Komanso tonse tikudziwa momwe magetsi amakhalira kwathu kuno, kuthimathima, kubwera ofooka madzulo, ena tili pa jenereta kapena invata yaing'ono yomwe ikukokanso firiji. Mukaona babu likuphethira nthawi yomwe kompyuta yazima, BIOS ilibe mlandu. UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima) yokhala ndi AVR (chowongolera voteji) ingakuthandizeni kuposa purosesa yatsopano. Mu Event Viewer ya Windows, momwe mumalembedwa zochitika za kompyuta, mupeza Kernel-Power 41, koma isakusokonezeni, imangonena kuti kompyuta inazima mosayembekezeka, siinena chifukwa. Zofunika kuyang'ana ndi mauthenga a WHEA-Logger. Akamaoneka ngakhale kompyuta isanagwe, purosesa ili m'mphepete.

Mwina mufunsa kuti nanga wa pa YouTube uja bwanji yake inafika 5.0 popanda vuto. Mapurosesa awiri a dzina limodzi safanana, ina imafika 5.1, ina imakanirira pa 4.8, ndipo palibe chomwe mungachite. Werengani nokha: kuchoka pa 5.0 kufika pa 4.8 ndi kutaya 4 peresenti, kutanthauza mphindi ziwiri kapena zitatu pa vidiyo yotenga ola kutuluka. Kugwa kamodzi vidiyo ili pafupi kutha kumakudyerani ola lonselo, ndipo kuzima kwadzidzidzi kungathe kuwononga mafayilo. Ndikanakhala inu ndikanakhala pa 4.7 kapena 4.8 mpaka mvula itagwa, ndipo zithunzi za makasitomala ndikanazikopera pa hard drive ina lero lomwe, ndisanayambe kuyesa chilichonse.